Ng'ombe Yopanda Mano ya Che Bakari

Che Bakari Mkwanda anafika ku Tengwe ndevu zikungoyamba kumera, atayenda wapansi kuchokera ku Namwera kudzera ku Tete. Chaka chenicheni sichidziwika bwino. Iwo ankati ndi chaka chimene dziwe la Kariba linayamba kudzaza, pomwe akazi awo ankati n'kale kuposa pamenepo, ndipo pa chitupa panalembedwa china chosiyana ndi zonsezi. Chodziwika n'chakuti anakhala pa pulazi imodzi ya fodya ndi chimanga zaka zoposa makumi atatu, m'nyumba yachitatu kuchokera pa mpope wa madzi m'komboni.

Anayamba ndi ntchito yothyola fodya, kenako yosonkha moto m'mabalani oumitsira fodyayo. Koma poti anali Msilamu, ndiwo ankazinga ng'ombe ya antchito kumapeto a mwezi, chifukwa nyama yozinga Msilamu aliyense amadya popanda mafunso. Mpeni wawo unkakhala m'chikwama chachikopa, ndipo sankaubwereketsa.

Akazi awo dzina anali Safia, koma iwo sanawatchulepo dzinalo pagulu. Ankati Abiti Yusufu. Mayiyu anagwira zaka zambiri m'shedi yosankhira fodya, mmene fumbi limakhala ngati nkhungu, ndipo akaweruka ankakawerama pa mafuwa m'kakhitchini kopanda zenera. Pofika zaka makumi anayi chifuwa chawo chinali chitatha. Ankatsokomola mpaka kugwira khoma. A ku chipatala ku Karoi anawapatsa mapiritsi n'kunena kuti atalikirane ndi utsi, ngati kuti mkazi wa m'komboni ali ndi kwina kophikira.

Mwini pulaziyo anali mzungu amene antchito anamutcha Mapaipi, chifukwa sankatha mwezi osakumba ngalande yoikamo paipi. M'chaka cha 1984, petulo ndi palafini zikuvuta m'dziko, anaitana amisiri kuti amange dzenje lalikulu la njerwa kuseri kwa khola. M'dzenjemo anathiramo ndowe ndi madzi, pamwamba n'kuvundikira mgolo waukulu wachitsulo. Amisiriwo anati ndowe ikamaola idzatulutsa mpweya woyaka, mgolowo udzakwera, ndipo mpweyawo udzayenda m'paipi kukawiritsa madzi otsukira zigubu za mkaka. Panatha milungu itatu mgolo uli duu.

Che Bakari ankadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku. Anali atamva mmisiri wina akunena kuti mpweyawo ndi womwe ng'ombe imageya, ndipo iwo chifu cha ng'ombe ankachidziwa kuposa mmisiri aliyense: ukachiboola chimapuma, ndipo zam'kati zimakhala zofunda, zikuchita thovu ngati thobwa. Tsiku lozinga litafika, sanatayire agalu zam'chifuzo. Anazinyamula pa wilibala zikadali zotentha n'kukazikhuthulira m'dzenje osauza munthu. Patapita masiku asanu mgolo unadzuka.

Mapaipi atamva amene wachita, anawachotsa ku mabalani n'kuwapatsa dzenjelo kuti likhale ntchito yawo. Anafunsanso chimene akufuna ngati mphatso.

"Paipi, bwana," anatero Che Bakari. "Yaying'ono chabe, ifike kukhitchini kwanga."

Mzunguyo anaseka mpaka kukhala pansi pa njerwa. Munthu amene anamupempha paipi anali asanamuonepo. Mlungu womwewo anaikumba yekha ngalandeyo.

Abiti Yusufu sanaulandire msanga motowo. Anauyang'ana, wobiriwira, wopanda utsi, wopanda phulusa, n'kufunsa ngati chakudya chophika pa mpweya wa ndowe chili chololedwa. Anadikira mpaka shehe wa ku Karoi atabwera Lachisanu lina. Shehe anafunsa kuti ndowe yake ndi ya nyama yanji, ndipo atamva kuti ya ng'ombe anati aziphika ndi mtima umodzi. Kuyambira pamenepo mafuwa atatu aja anakaunjikidwa kuseri kwa nyumba. Chifuwa sichinachire, koma chinagona. Mayiyo anayambanso kuseka osathera m'kutsokomola, ndipo pamene mwana wawo Rehema ankakwatiwa ku Glendale, anaimba nawo mpaka nyimbo yomaliza.

Che Bakari ankalisamala dzenjelo ngati chiweto. M'mawa ankasungunula ndowe ndi dzanja kuti muchoke miyala ndi zingwe, n'kulidyetsa pang'onopang'ono. Sankalola madzi a sopo kapena a mankhwala osambitsira ng'ombe kufika pafupi. Pa mgolo analemba mizere ndi utoto kuti aziona mmene wakwerera. Mnzawo Laxon, woyendetsa thirakitala, Mkhristu wa makolo a ku Ntcheu, sankadutsa osaponya mawu, ndipo ankawatcha Shehe mwanthabwala.

"Shehe, ng'ombe yanu ija yabereka?"

"Ikubereka tsiku ndi tsiku, achimwene. Tiyi amene mumadzamwa kwathu mumati amawira ndi mapemphero anu?"

Laxon anali ndi mwana wamkazi, Edina, amene nzeru zake zinamutenga ku sukulu ya pa pulazi kumuika ku mishoni, kenako ku yunivesite ku Harare. Kumeneko ankaphunzira za tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya. Atabwera pa tchuthi cha Khirisimasi ya 1991, anakhala pa njerwa za dzenje n'kuwauza Che Bakari, amene ankawatcha sekuru, kutanthauza agogo, kuti zimene anathiramo kale zija zinali tizilombo tamoyo, ndipo ndi zidzukulu zake zimene zikugwira ntchito mpaka lero. Anati iye ndi aphunzitsi ake akuyesa kutenga kachidutswa ka chibadwa cha tizilombo todziwa kugaya udzu, n'kukalowetsa mwa tina toswana msanga, kuti papezeke mtundu watsopano wosandutsa mapesi kukhala mafuta.

"Ngati kukweretsa ng'ombe ya chizungu pa ya chikuda?" anafunsa iwo.

"Pafupifupi, sekuru. Kungoti ife timachita ndi manja, m'kabotolo."

Che Bakari anapukusa mutu, koma mawuwo anawasunga.

Mvula ya chaka chimenecho inagwa kawiri n'kusiya. Chimanga chinauma chisanamasule, madamu anang'ambika, anthu anayamba kudya sadza ya chimanga chachikasu chobwera ndi sitima. Pofika Epulo wa 1992 Mapaipi anali atagulitsa ng'ombe zonse zisanafere m'khola. Anasunga nkhumba zokha, chifukwa izo zinkadya zogula. Ndowe ya m'khola inakokoledwa mpaka dothi, kenako inatha.

Tsiku lina mzunguyo anabwera pa dzenje n'kuyang'ana mgolo, umene unali utatsika mizere inayi. Anati nkhani yake ndi yosavuta: ndowe ya nkhumba ilipo yambiri ndipo imatulutsa mpweya kuposa ya ng'ombe. Iye mpweyawo ankaufuna kuti azifunditsira tiana ta nkhumba m'nyengo yozizira. Anawonjeza kuti adzapeza Mkhristu wokankha wilibala, Che Bakari asaikhudze n'komwe. Anaganiza kuti wawachitira ulemu.

Madzulo ake Che Bakari anawafotokozera akazi awo. Abiti Yusufu anamvetsera mpaka kumapeto, osadula mawu. Kenako anadzuka, kuzungulira kuseri kwa nyumba, n'kubwera ndi fuwa limodzi m'manja. Analiika pansi, kupuma, n'kubwerera kukatenga lachiwiri.

"Abiti Yusufu, shehe sitinamufunse."

"Mufunseni, Che Bakari. Ngakhale alole, ine pakhosi panga sipadutsa."

Fuwa lachitatu anakatenga okha abambowo, chifukwa mayiyo anali atayamba kale kupuma mokoka.

M'mawa mwake anapita kwa Mapaipi chipewa chili m'manja. Anapempha kuti nkhumba zidikire, iwo ayese kudyetsa dzenjelo mapesi, poti mapesi ouma ndiwo okha anali ochuluka chaka chimenecho. Mzunguyo anati amisiri anamuuza kale kuti mapesi sagwira. Koma anawapatsa mpaka kutha kwa Juni. Mgolo ukapanda kukwera pofika pamenepo, wilibala ya ku nkhumba idzabwera.

Anadula mapesi ndi chikwanje n'kuwaponya m'dzenje. Mapesiwo anayandama, kulukana pamwamba ngati mphasa, osaola. Anawonjezera madeya pang'ono kuti alinyengerere, koma dzenje linasasa, likununkha ngati mowa wogona. Mgolo unakhala pansi. Kukhitchini moto wobiriwira uja unazima, ndipo Abiti Yusufu anabwerera pa nkhuni za mitengo ya bulugamu zotsala ku mabalani. Sipanathe milungu iwiri, chifuwa chija chinadzuka. M'mawa wina analephera kumaliza pemphero la swala. Anagwada n'kukhala chogwada, akufunafuna mpweya, mwamuna wawo akuwasisita kumsana.

Tsiku lotsatira Che Bakari anavala mkanjo woyera, kutsuka kabotolo ndi madzi otentha, n'kukwera basi ya ku Harare. Mu mzindawo anali atadutsamo kamodzi kokha moyo wawo wonse. Anafunsa njira kwa anthu asanu ndi awiri asanapeze nyumba imene Edina ankagwiramo ntchito. Mtsikanayo atawaona pakhomo anathamanga, kugwada pang'ono, n'kufunsa ngati kwagwa zovuta.

"Sizinagwe, mwanangu, koma zaweramira." Anatulutsa kabotolo kaja. "Tizilombo tako todya mapesi tija. Undithirireko pang'ono chabe. Kuweta ndikaweta ndekha."

Edina anawalowetsa n'kuwaonetsa timbale tagalasi tokhala ndi madontho otuwa, m'kabati yofunda. Anayankhula pang'onopang'ono, akusankha mawu. Anati tizilomboto sitinakonzeke. Timadya pepala lofewetsa kale, m'madzi oyera, pa kutentha kumodzi kosasintha; m'dzenje tingafe tsiku lomwelo. Ndiponso lamulo silimulola kutulutsa chinthu chosinthidwa chibadwa kupita nacho kunja, ndipo iye akuona kuti lamulolo ndi labwino, poti palibe akudziwa chimene chingachitike.

"Tidzakonzeka liti?"

"Aphunzitsi akuti mwina zaka khumi, sekuru. Mwina kuposa."

Che Bakari anayang'ana kabotolo kawo. "Zaka khumi m'chifuwa mwa Abiti Yusufu mulibe."

Edina anakoka mpando n'kuwafunsa zonse: mapesi anawadula bwanji, fungo ndi lotani, madzi ake akuoneka bwanji. Kenako anati:

"Sekuru, ng'ombe mumaidziwa kuposa ine. Ikadya udzu imatani?"

"Imagona pansi n'kubzikula."

"Yanuyo ili ndi chifu, koma mano ilibe. Mwaipatsa mapesi osatafuna. Ndiponso tizilombo tili m'menemo tinazolowera ndowe, zimene ng'ombe inagaya kale. Pakufunika tatsopano, tochokera m'mimba mwa nyama imene ikudya zouma chaka chino. Timeneto tikuchita kale zimene ife tikuvutika nazo muno."

Anawaperekeza ku basi n'kuwagulira mabanzi. Kabotolo kanabwerera kopanda kanthu.

Atafika kwawo anabwereka mtondo wa akazi awo. Komboni yonse inaona bambo wa imvi, wovala kofia, akusinja mapesi pabwalo dzuwa likuswa mtengo. Amayi opita kumpope ankabisa nkhope m'nsalu. Laxon anaimitsa thirakitala pakati pa msewu.

"Anthuni, bwerani mudzaone! Shehe wakwatiwa! Ndani wapereka malowolo?"

"Tsikani mundithandize, apongozi, musamangoyasama ngati ng'ona."

Laxon sanatsike. Koma madzulo ake anauza Che Bakari kuti ayale mapesiwo pa simenti ya kutsogolo kwa mabalani, ndipo tsiku lililonse poweruka ankadutsapo ndi thirakitala kasanu, kupita ndi kubwerera, mpaka mapesi atasanduka zinyenyeswa. Kapitawo atafunsa, Laxon anati akuyesa mabuleki.

Za phulusa anabweretsa ndi Abiti Yusufu. Anali atakhala pamkeka atatsamira khoma, akuonerera amuna awo akufinya zinyenyeswazo m'madzi, zili gwa.

"Inu simunaphikepo," anatero. "Masamba akakhwima sitimenyana nawo. Timathira chidulo."

Phulusa linalipo lambiri, la moto womwewo umene unkawapweteka. Analisefa m'chitini choboola pansi monga amachitira pophika therere, n'kuviika mapesi m'madzi akewo masiku anayi. Anatuluka ofewa, oterera. Che Bakari anakokola mphasa ija pamwamba pa dzenje, kuchotsa madzi osasa theka, n'kuthiramo mapesi ofewawo pamodzi ndi zitosi za nkhuku zimene anatolera m'komboni. Fungo la mowa linachepa. Koma mgolo sunasunthe, ndipo ng'ombe yoti azinge panalibe pa mapulazi onse ozungulira.

Idi ya nsembe inagwa chapakati pa Juni, kukuzizira. Asilamu a mapulazi asanu anasonkhana pa kamzikiti ka udzu ka pa pulazi yoyandikana nayo. Chinali chaka cha njala, ndipo mbuzi zimene mabanja anakwanitsa, ena mosonkherana, zinali zisanu ndi ziwiri zokha, zowonda, zimene zinapulumuka podya makungwa ndi minga. Mapemphero atatha, Che Bakari anaimirira. Sanali munthu woyankhula pagulu, ndipo mawu ankawathawa.

"Abale anga, nyama ya lero timaigawa patatu: ya pakhomo, ya achibale ndi anansi, ya osauka. Ine ndikupempha gawo lachinayi. Lija mumatayira agalu. Chifu chisabooledwe. Mumange uku ndi uku ndi luzi, mukulunge m'saka, chifike kwathu chikadali chofunda."

Anthu anayang'anana. Wina kumbuyo anafunsa ngati njala yafika pamenepo kwa Che Bakari, ndipo panali kuseka. Koma shehe, amene ankadziwa za chifuwa cha Abiti Yusufu, anati wopempha pa tsiku la Idi sabwezedwa, ngakhale apemphe chodabwitsa.

Kuyambira chakumasana njinga zinayamba kufika. Woyamba anali Che Musa wa ku pulazi ya kumtunda, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira, saka atalimanga pamimba m'kati mwa jekete kuti lisazizire. Che Bakari ankaboola chifu chilichonse pakamwa penipeni pa dzenje, kukhuthula, n'kubweza thumbalo kwa mwini wake kuti akadye. Zifu zinafika zinayi motero, cha mbuzi ya iwo eni n'kukhala chachisanu.

Ziwiri zotsalazo zinabwera ndi amayi, pa mitu, m'mabeseni ovundikira nsalu zoyera. Mayi Amina, mkazi wamasiye wa ku pulazi ya kutsidya, anagwada n'kuvundukula. Chifu chinali chotsuka mbee, chopala bwino, chodula m'zidutswa, chothira mchere.

"Amuna aja anati tibweretse ndi ndowe zake," anatero mayiyo, "koma ife tinati iwo sanamve bwino. Munthu wamkulu ngati inu tingakupatseni zonyansa pa Idi? Tatsuka katatu."

Che Bakari anayang'ana manja a mayiyo, ofiira ndi madzi ozizira, m'chaka chimene madzi ankatungidwa mtunda wautali. Analandira beseni ndi manja awiri n'kuthokoza monga mwa mwambo. Kumbuyo kwawo Abiti Yusufu anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, misozi ili mbwembwembwe, ndipo tsiku limenelo anaphika nyamayo n'kudya ndi alendowo.

Zifu zisanu zinali zochepa pa dzenje lalikulu chotero, ndipo iwo ankadziwa. Anaunjika udzu kuzungulira njerwa, pamwamba pa mgolo n'kuyala masaka ndi bulangete lawo lomwe, kuti chisanu cha m'mawa chisalowe. Madzi osungunulira mapesi ankawaika padzuwa kuti afunde. Ankadyetsa pang'ono, ngati wodwala. M'mawa uliwonse ankagwada n'kuika khutu pa chitsulo. Panatha mlungu, kenako masiku khumi. Laxon anasiya nthabwala zake. Ankangodutsa n'kukweza dzanja.

Tsiku lomaliza la Juni Mapaipi anabwera, kumbuyo kwake munthu akukankha wilibala ya ku nkhumba. Che Bakari anachotsa bulangete. Mzere wa pamwamba, umene unamira pamene mgolo unakhala pansi, unali ukuoneka, ndipo pansi pake panali chitsulo chonyowa chotalika zala ziwiri. Mzunguyo anawerama, kuyeza ndi chala, n'kutsegula kampopi ka pambali. Anayatsa machesi. Mpweya unatuluka n'kuzimitsa machesiwo.

"Suyaka," anatero.

"Woyamba suyaka, bwana. Ngakhale chaka chija unayamba choncho. Mwana sabadwa ndi mano."

Mapaipi anayang'ana bulangete, kuyang'ana mtondo, kuyang'ana phulusa lounjika, n'kufunsa kuti usiku akufunda chiyani. Anakanda m'mutu n'kunena kuti mpweya wa zala ziwiri sungafunditse ngakhale kankhumba kamodzi, choncho dzenjelo alibe nalo ntchito. Akumba lina pafupi ndi nkhumba, ndi paipi yakeyake. Maso ake anawala potchula paipiyo. Wilibala inabwerera mmene inabwerera.

Unayaka patapita masiku anayi. Unali moto waung'ono, wosafika ndi theka la wakale, wokwana kuphika kamodzi ndi kuwiritsa madzi a tiyi ukausamala. Abiti Yusufu anaika ketulo, kukhala pansi n'kumauyang'ana, manja ali pamaondo. Kenako anauza amuna awo kuti achotse mafuwa aja pakhomo, angapunthwitse alendo.

Edina atabwera pa tchuthi anatunga madzi a m'dzenjemo m'mabotolo atatu kupita nawo ku Harare, poti kulowetsa lamulo silinkaletsa. Pa botolo lililonse analemba dzina la Che Bakari ndi tsiku. Zimene anapezamo sitingazifotokoze molondola, ndipo pamene ankapita kukapitiriza maphunziro kunja, tizilombo take tija tinali tisanatuluke m'kabati. Ng'ombe zinabwerera pa pulazi patapita zaka ziwiri, ndowe inapezekanso, koma Che Bakari sanasiye kuviika mapesi. Ankati chiweto chimene chinaphunzira kudya za m'chilala usachiiwalitse.

Abiti Yusufu anaona mvula zina zisanu. Ananyamula ana awiri a Rehema, ndipo utsi sunawapezenso m'khitchini mwawo. Anamwalira mu Okutobala wa 1997, masana, atagona pamkeka pamthunzi. Amayi osambitsa maliro atafika, Mayi Amina ali patsogolo, anayamba kutola nkhuni kuti afunditse madzi. Che Bakari anawaletsa. Analowa m'khitchini, kugwada, n'kutsegula kampopi okha. Machesi oyamba anawagwa m'manja. Achiwiri anagwira, ndipo anakhala pomwepo, chala chili m'madzi, mpaka atafunda mmene mayiyo ankawakondera.